Mzere wa nyali usiku ku Kasungu, ndi zomwe boma la America linkabisa

Bambo a Tadala: Mwadzuka bwanji anthu akwathu? Pepani ndalawirira, usiku sindinagone bwino. Dzulo madzulo magetsi atazima tinakhala panja ndi mayi a kunyumba, tikudikira nyemba zipse. Tadala ndiye anayamba kukuwa, amvekere adadi taonani kumwamba. Kuti ndiyang'ane, nyali zoyera zandandalikana ngati matumba pachigayo, mwina makumi awiri kapena kuposa, zikuyenda phee kuchokera kumadzulo kulowera kum'mawa. Phokoso ayi, kuthwanima ayi. Kenako zinayamba kuzimirira imodziimodzi kuyambira yakutsogolo. Agogo oyandikana nafe anathawira m'nyumba n'kukhoma chitseko. Ndinayesa kujambula koma foni yangayi yangotulutsa mdima. Alipo wina anaziona?

Amalume a ku Ntcheu: Alamu musatiopseze. Amenewo ndi anzathu a malichero, masiku ano ayamba kuyenda pa mdipiti ngati anduna 😂

Kondwani wa ku Joni: Musaseke amalume. Ma UFO, zinthu zouluka zosadziwika zija, alipo. Makanema ake anatulutsa a Pentagon eni ake, likulu la asilikali a America, mu Epulo 2020. Ife chilichonse timangoti ufiti, anzathu akufufuza ndi ndalama zankhaninkhani.

Mphatso: Bambo a Tadala, mwaona ma satelayiti a Starlink, a kampani ya Elon Musk ija. Roketi imodzi imanyamula ambiri n'kukawatula malo amodzi, ndiye masiku oyambirira amayenda motsatizana asanabalalike. Alibe nyali. Inu pansi pano dzuwa linali litalowa, koma iwo ali makilomita mazana angapo m'mwamba, kumene dzuwa linali likuwawombabe. Kuzimirira mwanenako n'chifukwa choti amalowa mu mthunzi wa dziko lathuli, wakutsogolo amayamba kulowa, mnzake n'kutsatira. N'chifukwa chake amaoneka kukangoda kapena m'bandakucha basi. Pakati pa usiku simungawaone chonchi.

Bambo a Tadala: Ndiye kuti intaneti imadutsa pamwamba pa denga langa pomwe ine bandulo ndilibe? Zopanda chilungamo izi 😂

Kondwani wa ku Joni: Chabwino, za dzulozo zikhale za Musk. Nanga David Grusch? Munthu anali mkulu wa ukazitape m'gulu lankhondo la ndege. Pa 26 Julayi 2023 anaima m'nyumba ya malamulo ya America, analumbira, n'kunena kuti boma likusunga zombo zomwe zinagwa komanso matupi osakhala a anthu. Munthu angalumbire zabodza pamalo ngati amenewo, akudziwa kuti ndende ilipo?

Aphunzitsi Mbewe: Moni nonse. A Kondwani, msonkhano umenewo ndinauonera wonse, mpaka mayi anu kuno anandikalipira kuti ndikutha batire. Grusch sananene kuti anaona chombo ndi maso ake. Ananena kuti anacheza ndi anthu oposa 40 omwe anamuuza. Akafunsidwa kuti zili kuti, yankho linali loti anganene m'chipinda chachinsinsi basi. Munthu akhoza kulumbira ndi mtima woona kuti anauzidwa, zomwe anauzidwazo zili zabodza. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Kondwani wa ku Joni: Aphunzitsi, ulemu wanu, koma utsi sufuka popanda moto. Roswell mukuiti bwanji? Asilikali eni ake ndi amene analengeza kuti atola mbale youluka, kenako n'kusintha mawu.

Aphunzitsi Mbewe: Eya, moto unalipo, ndipo pamenepa tikugwirizana. Tisiyana pa amene anaukoleza. Ndilemba zazitali, osafuna adumphe.

Pa 24 Juni 1947 woyendetsa ndege wina, Kenneth Arnold, anati waona zinthu zisanu ndi zinayi zikuuluka pafupi ndi phiri la Rainier ku America. Manyuzipepala anazitcha mbale zouluka, dziko lonse linayamba kuyang'ana kumwamba. M'masiku omwewo mlimi wa ziweto, Mac Brazel, anali atapeza zinyalala kubusa kwake ku New Mexico. Atamva za mbalezo anakanena ku tauni ya Roswell. Pa 8 Julayi a ku kampu ya asilikali anatulutsa chikalata choti apeza mbale youluka. Tsiku silinathe, mkulu wawo Roger Ramey ku Fort Worth anati ayi, ndi baluni yoyezera nyengo.

Tsono tamverani zomwe Brazel mwini wake anauza nyuzipepala ya m'tauniyo kuti anatola: mphira, nsambo zopyapyala zonyezimira ngati za m'paketi ya fodya, mapepala olimba, timitengo, ndi tepi yomatira, ina yojambulidwa maluwa. Zonse atazimanga pamodzi sizinakwane makilogalamu atatu. A Kondwani, chombo chodutsa pakati pa nyenyezi chomatidwa ndi tepi ya maluwa?

Koma Ramey nayenso sananene zoona. Sinali baluni wamba ya nyengo. Mu 1994, phungu wa ku New Mexico, Steven Schiff, atavuta, gulu lankhondo la ndege linaulula kuti inali ntchito yachinsinsi yotchedwa Mogul. Ankalumikiza mabaluni ambiri pa chingwe chachitali kuposa bwalo la mpira, n'kumangirirapo zida zomvera phokoso m'mwamba kwambiri. Ankafuna kumva tsiku lomwe a Soviet Union adzaphulitse bomba lawo la nyukiliya, lomwe anadzaphulitsadi mu Ogasiti 1949. Zimenezi sakanauza mtolankhani mu 1947.

China chomwe anthu amaiwala: nkhaniyi inagona zaka pafupifupi 30, palibe ankailabadira. Inadzuka mu 1978 pomwe wofufuza za ma UFO, Stanton Friedman, anacheza ndi Jesse Marcel, msilikali yemwe anakatenga zinyalalazo. Nkhani za mitembo ya timitu tikulutikulu zinadzamera pambuyo pake. Mu 1947 palibe anatchulapo mtembo.

Amalume a ku Ntcheu: Tepi ya maluwa ndiye yandimaliza. Ngakhale lichero la kwathu amaluka molimba kuposa pamenepo.

Kondwani wa ku Joni: Ndiye mwavomera nokha kuti boma linanama zaka 47. Wonama dzana mungamukhulupirire lero akati palibe kanthu?

Aphunzitsi Mbewe: Linanamadi, ndipo si kamodzi. Tamvani ina. Mu 1955 a CIA, bungwe la ukazitape la America, anayamba kuyesa ndege ya ukazitape ya U-2 pa chigwa chouma cha Groom Lake ku Nevada, malo omwe lero mumawatcha Area 51. Nthawi imeneyo ndege zonyamula anthu zinkauluka makilomita atatu mpaka asanu ndi limodzi m'mwamba. U-2 inkapitirira makilomita 18, ndipo zoyambazo zinali zonyezimira, zosapaka utoto. Ndiye taganizirani woyendetsa ndege ya anthu madzulo, kwa iye kwada kale, akuona chinthu chikuyaka ngati moto pamwamba pake, pamalo pomwe iye anaphunzitsidwa kuti ndege singafike. Ndi zomwe Mphatso wafotokoza za dzuwa zija. Munthuyo sakunama, waonadi. Akakanena, ofufuza a boma, omwe ankatchedwa Blue Book, ankayang'ana m'kaundula wa maulendo a U-2, n'kupeza kuti ndi iyo, koma mwini wake ankamuuza kuti mwina ndi madzi oundana a m'mitambo. Wolemba mbiri wa CIA, Gerald Haines, analemba mu 1997 kuti malipoti oposa theka a kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi m'ma 1960 ankachokera ku ndege za ukazitapezi. Ena amati chiwerengerocho anachikuza, koma kubisako palibe amakana. Dzina la Area 51 lenilenilo a CIA anadzalivomera m'zikalata mu 2013.

Ine ndimaona chonchi: nthawi zonse chinsinsi chikaululika, m'thumbamo mumapezeka katundu wa boma lomwelo. Baluni, ndege, roketi. Mlendo wakumwamba sanapezekemo.

Mphatso: Ndiwonjezere ya Paul Bennewitz, imandimvetsa chisoni. Anali wabizinesi ya zipangizo zamagetsi ku Albuquerque, nyumba yake pafupi ndi kampu ya Kirtland. Cha m'ma 1980 anayamba kujambula nyali zachilendo ndi kutola mafunde a wailesi ochokera kukampuko. Iye ankaganiza kuti ndi zolengedwa zakumwamba, ndipo monga nzika yabwino anakawauza asilikali. M'malo momuuza kuti bambo siyani, izi ndi zathu, wapolisi wachinsinsi wa asilikaliwo, Richard Doty, anayamba kumupatsa zikalata zabodza zomulimbikitsa. Doty anadzavomera yekha poyera patapita zaka. Bennewitz anasokonezeka mpaka achibale ake anakamugoneka kuchipatala cha amisala mu 1988. Ndipo zina mwa nkhani zomwe anamunamiza zikuzungulirabe pa YouTube lero, anthu akuziyesa zinsinsi zobedwa ku boma.

Amalume a ku Ntcheu: Ameneyo ndiye ufiti weniweni tsopano.

Nachisale wa ku Harare: Ndakhala ndikungowerenga. Inu mukukamba za ku America, ine ndikambe za pakhomo pano. Bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno, ine ndinabadwira kuno. Mu Sepitembala 1994 ndinali mtsikana wa sekondale. Usiku wa pa 14 tinali panja, tinaona chimoto chikudutsa kumwamba pang'onopang'ono, chikuthothoka timoto kumbuyo ngati munthu akuthamanga ndi chikuni. Mayi anagwada pomwepo n'kuyamba kupemphera. Mawa lake pa wailesi nkhani inali yomweyo. Patapita masiku awiri, pa 16, ana pafupifupi 60 a pa sukulu ya Ariel ku Ruwa, kunja kwa Harare kuno, anati pa nthawi yopuma anaona chombo chitatera kutchire kuseri kwa bwalo, ndi kamunthu kovala zakuda ka maso akuluakulu. Aphunzitsi awo anali pa msonkhano m'kati. Kunabwera wa BBC, kenako dokotala wa za maganizo wa ku Harvard, John Mack. Anawo lero ndi akuluakulu a ana awo, ambiri sanasinthe mawu. Apa palibe CIA, palibe U-2. Aphunzitsi, ana 60 anganame bodza limodzi?

Mphatso: Anti, chimoto cha pa 14 chija chinadziwika. Chinali chidutswa cha roketi ya ku Russia ya Zenit, yomwe inakweza satelayiti ya Cosmos 2290. Chinkapsa pobwerera m'mpweya wa dziko, ndipo anthu anachiona m'maiko angapo kum'mwera kuno.

Aphunzitsi Mbewe: Achemwali, sindinganene kuti anawo ananama. Ndaphunzitsa zaka 31, ana ndimawadziwa. Koma ndimadziwanso zomwe zimachitika mwana mmodzi akakuwa kuti njoka pa bwalo la sukulu. Pofika masana, kalasi yonse yaiona, ndipo yatalika kuwirikiza. Dziko lonse linali litatha masiku awiri likukamba za zinthu zakumwamba. Cynthia Hind, mayi wokhulupirira kale za ma UFO, anali mmodzi mwa oyamba kuwafunsa, ndipo ankawafunsa m'magulu, wina akumva zomwe mnzake akunena. Wapolisi aliyense angakuuzeni kuti mboni sazifunsa chotero. Mack anafika patapita miyezi iwiri, ndipo nkhani yoti kamunthuko kanawachenjeza za kuwononga chilengedwe inatulukira m'macheza a iyeyo, m'mafunso oyamba munalibe. Kumbukiraninso kuti ana ena ambiri anali pa bwalo lomwelo ndipo sanaone kanthu. Amenewo makamera sawafuna.

Nachisale wa ku Harare: Za roketi ndamva, ndipo mayi akanakhala moyo bwenzi ndikuwaseka lero. Koma za anawo mtima wanga sunakhutire. Munthu wa zaka 40 kulira akamakumbukira zomwe anaona ali ndi zaka 10, chilipo chinamuchitikira.

Aphunzitsi Mbewe: Chilipo, sindikana. Mantha anali enieni.

Kondwani wa ku Joni: Ana mwawapeputsa. Nanga oyendetsa ndege zankhondo? David Fravor mu 2004, wochokera pa sitima yankhondo ya America ya Nimitz, anaona chinthu choyera chopanda mapiko pamwamba pa nyanja kufupi ndi California. Ndiye pali kanema ija amaitcha GoFast, kanthu kakuthamanga pamwamba pa madzi ngati chipolopolo. Ndaionera kakhumi.

Mphatso: Achimwene, GoFast ndiye yosavuta. Munakwerapo basi ya ku Joni mutakhala pa windo? Yang'anani mtengo umodzi womwe uli chapakati, maso anu akhale pa iwo. Mudzaona phiri la kumbuyo kwake likutsetsereka, ngati mtengowo ukuthamanga. Mtengo uli chiimire, wothamanga ndinu. Pa kanemayo, m'mphepete muli manambala a kamera: kutalika kwa ndege, mtunda wokafika pa chinthucho, ndi kupendekeka kwa kamera. Mick West, wofufuza makanema oterewa, ndi ena anangotenga manambala omwewo n'kuwerengera ndi masamu a Fomu 3. Chinthucho sichili pafupi ndi madzi, chili pafupifupi makilomita anayi m'mwamba, chapakati pa ndege ndi nyanja, ndipo liwiro lake ndi ngati la mphepo. Akatswiri omwe NASA, bungwe la zakuthambo la America, inasonkhanitsa mu 2023 anapeza zofanana. Yothamanga ndi ndege yonyamula kamerayo.

Za Fravor ndilibe yankho lomaliza. Kanema ya tsiku limenelo anajambula ndi woyendetsa wina, ndipo ndi kadontho kosaoneka bwino.

Kondwani wa ku Joni: Ehee! Mulibe yankho.

Aphunzitsi Mbewe: Tilibe, ndipo palibe chochititsa manyazi. Blue Book potseka mu 1969 inali ndi malipoti 12,618, ndipo 701 anatsala osadziwika. Lipoti la boma la Juni 2021 linaona nkhani 144 n'kufotokoza imodzi yokha, baluni yophwa. Koma "sitikudziwa" atanthauza kuti umboni ndi wochepa. Mbuzi yanga ikasowa usiku ndipo mapazi sakuoneka, sindinganene kuti yatengedwa ndi anthu a ku Mars. Ndiyamba ndafunsa za fisi ndi anyamata a pa msika.

Komanso a Kondwani, mwatchula ndalama zankhaninkhani. Tsatirani ndalamazo. Nyuzipepala ya New York Times inaulula mu Disembala 2017 kuti Pentagon inali ndi ntchito ya madola 22 miliyoni yofufuza zimenezi. Anaipempha ndi senita Harry Reid wa ku Nevada, ndipo ndalama zambiri zinapita ku kampani ya mnzake, Robert Bigelow, mpondamatiki yemwe ankakhulupirira kale za alendo akumwamba. Ndiye mawu oti "boma likufufuza" nthawi zina atanthauza kagulu ka okhulupirira komwe kapeza khomo lolowera m'boma. Ofesi yofufuza za ma UFO ya AARO, yomwe Pentagon inakhazikitsa mu 2022, inanena mu Malichi 2024 kuti sinapeze umboni uliwonse wa zombo zachilendo, ndipo inati nkhani zambiri zimangozungulira pakati pa anthu ochepa omwewo, uyu kuuza uyu, uyo kubwezera woyamba uja.

Kondwani wa ku Joni: Ofesi ya Pentagon kufufuza Pentagon. Fisi kukhala woweruza mlandu wa mbuzi yanu ija.

Aphunzitsi Mbewe: Pamenepo mwandigwira, ndaseka 😂 N'zoona, boma lomwe linanama za Mogul ndi U-2 linadzitayitsa lokha chikhulupiriro. Koma taganizani. Thambo si la America yokha. A Russia, a China, akatswiri a zakuthambo a ku Chile ndi ku South Africa, onsewa agwirizane kusunga chinsinsi cha Washington zaka pafupifupi 80? Anthu oti sagwirizana ngakhale pa mtengo wa feteleza?

Mayi a Yamikani: Ine za kumwambazi sindizidziwa, koma mmene mukukambiramu mwandikumbutsa 2017 kwathu ku Mulanje. Mphekesera za anamapopa zitabuka, aliyense anali ndi msuweni wa mnzake yemwe anapopedwa magazi. Woona ndi maso ake osapezeka. Akuluakulu akabwera kudzanena kuti kulibe zoterozo, anthu ankati mwaona, akuwabisa, ali nawo limodzi. Kukana komweko kunkasanduka umboni. Tinkagona panja m'magulu, amuna atatseka misewu ndi mitengo, galimoto yachilendo osadutsa. Anthu osalakwa anaphedwa, a United Nations anachotsa antchito awo m'maboma ena. Ndiye ndikamva a Kondwani akuti akakana ndiye kuti zilipo, thupi langa limachita tsembwe. Tsono munthu anene chiyani kuti mumukhulupirire?

Kondwani wa ku Joni: Mayi, pepani, sindinafike kumeneko. Ine sindikuti tigende munthu. Ndikungoti atsegule mafayilo onse tione.

Mayi a Yamikani: Ndakumvani achimwene. Koma akatsegula n'kupezamo mabaluni okhaokha, simudzati enawo awotcha?

Adimini: Tiyeni tizikambirana mwaulemu monga tikuchitiramu. Wotumiza maulalo a kubetcha uja ndamuchotsa.

Kondwani wa ku Joni: Chabwino, ya Mexico nayo? Matupi awiri anaonetsedwa m'nyumba ya malamulo mu Sepitembala 2023, zala zitatuzitatu.

Mphatso: Achimwene, imeneyo musaitchule pagulu 🙈 Anabweretsa ndi mtolankhani Jaime Maussan, akuti anachokera ku Peru. Mu Januwale 2024 akatswiri a boma la Peru anaonetsa tizidole tofanana nato tomwe anagwira pa bwalo la ndege la Lima. Tinali topangidwa ndi mafupa a nyama ndi a anthu, omatidwa ndi guluu wa masiku ano.

Amalume a ku Ntcheu: Ku Roswell tepi, ku Peru guluu. Alendowa kwawo kulibe wowotcherera? Atumizeni ku Ndirande akawakonzere chombo chenicheni.

Nachisale wa ku Harare: Amalume inu 😂😂 Koma funso langa ndi ili: ndiye mukuti m'thambo lonseli tili tokha?

Mphatso: Ayi anti, amenewo ndi mafunso awiri osiyana. Nyenyezi za mu mlalang'amba wathu wokha ndi zoposa mabiliyoni 100, ndipo zambiri zili ndi maiko ozizungulira. Kungakhale zamoyo kwina, ine ndimaganiza kuti ziliko. Vuto ndi mtunda. Nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, Proxima Centauri, kuwala kwake kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Chombo cha Voyager 1, chomwe chinanyamuka mu 1977, chimayenda makilomita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Pa liwiro limenelo mtunda umenewo ndi wa zaka zoposa 70,000. Ndiye wina ayende ulendo wonsewo bwinobwino n'kudzagwa pa busa la nkhosa ku New Mexico?

Kondwani wa ku Joni: Mukuyeza ndi luso lathu. Agogo athu akanauzidwa kuti ndidzalankhula ndi anthu a ku Kasungu ndili ku Hillbrow, nkhope ikuoneka, akanati misala.

Aphunzitsi Mbewe: Zoona. Koma foniyo muli nayo m'manja, tikhoza kuigwira ndi kuitsegula. Ndipo mwatchula chinthu chabwino: lero pafupifupi aliyense ali ndi kamera m'thumba. Ngozi ya pa msewu, ndewu ya pa msika, m'busa akagwidwa ku resitihausi, zonse timaziona zooneka bwino tsiku lomwelo. Ma UFO okha ndi omwe zithunzi zake zikadali zachimbuuzi ngati za mu 1960.

Bambo a Tadala: Pamenepo musanditchule aphunzitsi, yanga ija inatulutsa mdima 😂 Ndapita kwa agogo aja kukawafotokozera za Starlink. Andimvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti, ndiye mzungu ameneyo anapempha kwa mfumu iti kuti azidutsa pamwamba pa manda athu? Ndasowa choyankha. Mphatso, lero ziwonekanso? Tadala waitana kale anzake a m'kalasi, akuti abwera ndi mikeka.

Mphatso: Mwina, koma zikhala zitatalikirana kuposa dzulo ndipo nthawi isinthako. Nditumizireni ku inbox dera lomwe muli, ndiyang'ane pa intaneti ndikuuzeni mphindi yake ndi mbali yoyang'ana. Foni muitsamiritse pa njerwa, musaigwire m'manja, ndipo flash muzimitse.

Kondwani wa ku Joni: Mukajambula mutumize kuno. Ndiziwerenga ndekha, ikapezeka imodzi yokhota njira musadzanditsutse.

Amalume a ku Ntcheu: Yokhotayo ndi ya kwathu, musaiwerengere.